Zithunzi Zimene Zinagwetsa Depoti ya Mtedza

Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi. Ndili ndi kachipinda kuseri kwa msika pa boma la Lundazi, momwe muli nsalu yabuluu pakhoma, mpando umodzi, ndi makina osindikizira amene amafuna kuwanyengerera ngati mwana wodwala. Anthu amabwera kudzajambulitsa tizithunzi ta pa ziphaso, ena amandiitana ku maukwati ndi ku zinkhoswe. Zimenezo ndizo zimandidyetsa. Koma kwa zaka zambiri, Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, ndinkatenga kamera n'kumayenda ndekha m'tauni kujambula nyumba zakale: masitolo a makonde aatali amene eni ake anachoka kalekale, zitseko zamatabwa okhuthala zimene masiku ano palibe kalipentala angakupangireni, timitengo ta kachere tomera m'ming'alu ya makoma. Palibe ankandituma. Mwamuna wanga ankandiseka kuti ndikujambula mabwinja anzanga akujambula anthu.

Nyumba imene ndinkaikonda koposa inali depoti ya mtedza, kunja pang'ono kwa tauni, panjira yopita ku Mphamba. Inali ya kopaletivu ina ya alimi, ndipo anaimanga alimi eni ake, agogo athu, ndi njerwa zimene anaumba ndi kuotcha okha kudambo. Kutsogolo kunali khonde la nsanamira zisanu ndi ziwiri, ndipo pakati pa nsanamira ndi inzake njerwa anaziyala mokhota ngati uta. Khoma lake linali lochindikala moti munthu ankatha kukhala pazenera ndi mwana pamiyendo. Mwezi wa Okutobala, kunja kukuotcha, mkatimo munkazizira ngati m'mtsuko.

Kopaletivuyo inasiya kugula mtedza ine ndikadali mtsikana, koma depoti sinakhale yopanda anthu. Kumbuyo kwake kunali zipinda ziwiri. M'chimodzi munkakhala amalume anga, mlongo wa amayi, amene moyo wawo wonse anali oyeza matumba pa sikelo pomwepo. Atapuma ntchito, komiti ya nthawi imeneyo inawauza pakamwa kuti akhale m'chipindacho mpaka Mulungu adzawaitane. M'chipinda chinacho munkakhala amayi ena amasiye, mkazi wa malemu mlonda wa depotiyo, amene ankagulitsa tomato ndi nkhwani pakhonde. Awiriwa ndiwo ankasesa, kupha chiswe, ndi kumata pamene pagumuka. Komiti sinkawathandiza ngakhale ndi msomali umodzi.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mlamu wanga, mkulu wake wa mwamuna wanga. Anali atangosankhidwa kumene kukhala wapampando wa komiti ya kopaletivuyo, ndipo anali atayamba kuyenda ndi chikwama cha mapepala kulikonse. Anakhala pampando wojambulirapo anthu uja n'kuyamba kulankhula Chinyanja chake cha m'tauni.

"Alamu, nabwela na nkhani yabwino. Kuli anthu amene amathandiza kukonza manyumba yakale. Afuna zithunzi za depoti. Imwe ndimwe katswili, palibe wina."

Ndinasangalala, sindibisa. Zaka zonse zija anthu akundiseka, lero wina wabwera kudzanditcha katswiri chifukwa cha mabwinja omwewo. Ndinamuuza kuti zithunzi za depoti ndili nazo kale zambiri, ndipo ndinamuonetsa pa kompyuta: khonde dzuwa likutuluka, nsanamira zili ndandanda, amayi amasiye aja akusanja tomato.

Anapukusa mutu. "Izi ni zabwino maningi, ndiye vuto yake. Akaona izi azakamba kuti nyumba ili che bwino. Jambulani zoipa zekazeka, kuti amve chisoni."

Zinandimvekera zanzeru. Sindinamufunse kuti anthuwo ndi ndani, ali kuti, kalata yawo ili kuti. Munthu wa m'banja, mkulu wa mpingo, wodya naye mbale imodzi pa maliro ndi pa ukwati. Ndikanamufunsa chiyani?

Ndinapita Loweruka lotsatira. Amalume ndinawapeza akupalira udzu m'mbali mwa khoma.

"Monire, mwana wane," anatero, n'kuika khasu pansi. Nditawafotokozera, nkhope yawo inawala ngati ya mwana. Analowa m'chipinda n'kutuluka atavala jekete lawo la ku tchalitchi, dzuwa lili lotentha chomwecho. Anati anthu othandizawo asaone munthu wauve.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti amalume ndiwo anandithandiza. Ankaidziwa nyumbayo kuposa thupi lawo. Ananditengera pangodya ya kum'mawa pamene panali mng'alu wochokera kudenga kufika pakati pa khoma. Anandionetsa mtanda umene chiswe chinadya, ndi malata atatu amene mphepo inawafunyulula. M'chipinda mwawo anakankha kabati okha, akupuma movutikira, kuti ndione pamene pulasitala anagwa. Amayi amasiye aja nawonso anachotsa chitenje chimene anatchinga nacho zenera losweka, akuseka mwamanyazi, amvekere, "Jambulani, mama, umphawi sabisa."

Ndipo ine ntchito ndimaidziwa. Mng'alu uja unali woti chala chaching'ono chokha n'chimene chinkalowa. Ndinadikira mpaka dzuwa litapendeka kuti mthunzi ulowe mkati mwake, ndinagona chafufumimba pafumbi, n'kujambula kuchokera pansi. Pachithunzi unaoneka ngati chigwembe choti mbuzi n'kugweramo. Mtanda wodyedwa uja unali umodzi pa mitanda yambirimbiri yolimba, koma ndinauyandikira mpaka unadzaza chithunzi chonse. Pansi posesedwa bwino ndinapasiya. Pamene amalume anamata ndi manja awo ndinapasiya. Nsanamira zonse zisanu ndi ziwiri ndinazipatsa msana. Pomaliza ndinawapempha amalume kuti aime pansi pa mng'alu uja ayang'ane kumwamba. Anaima, manja kumbuyo, jekete lili bwinobwino.

"Apa, mwana wane?"

"Sunthirani pang'ono kumanzere, amalume. Eya, pomwepo."

Ndinasindikiza zithunzi khumi ndi ziwiri n'kukapereka kwa mlamu. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, n'kuima nthawi yaitali pa cha amalume chija. "Ichi ndiye chamene," anatero.

Mvula inabwera n'kutha, kuli zii. Amalume ankandifunsa nthawi zonse ngati anthu aja ayankha. Ine ndikamufunsa mlamu, ankati zinthu zotere zimayenda pang'onopang'ono. Dzinja lonselo depoti inaima monga inkaimira kale. Panadontha pamalata atatu paja basi, ndipo amalume anatchera beseni.

Anthu atakolola, amalume ananditumizira uthenga kuti kuli msonkhano wa mamembala pa depoti, ndipo amva kuti zithunzi zanga zikaonetsedwa. Ndinatseka kachipinda kanga n'kupita, nditavala bwino, ndikuganiza kuti ndikukayamikiridwa. Pansi pa mitengo ya mango panali alimi ambiri, a ku Mphamba, a ku Kapichila, ena ochokera kutali ku Chikomeni, njinga zili mbwee. Pambali panaima galimoto yoyera, ndipo mwini wake, bambo wina wa ku Chipata amene sindinkamudziwa, anakhala pampando kutsogolo pamodzi ndi komiti. Ndinaganiza kuti ndiye wothandiza uja.

Zithunzi zanga anali atazikulitsa n'kuzikhoma pa bolodi. Cha amalume chinali pakati.

Mlamu anayamba ndi pemphero. Kenaka analankhula m'Chitumbuka, mofatsa, ngati munthu wolengeza maliro. Anati komiti yakhala ikusowa tulo chifukwa cha nyumbayi. Anati taonani nokha, khoma lang'ambika, denga ladyedwa, ndipo pansi pake pakugona nkhalamba ziwiri. Likadzagwa, magazi awo adzakhala pamutu pa yani? Anati kukonza sikungatheke, amisiri anaona zithunzizi n'kugwira pakamwa. Mwamwayi Mulungu watumiza bambo awa, amene avomera kugula malowa, kugwetsa chinyumba chogumukachi, n'kumangapo nyumba yogona alendo imene idzapatsa ana athu ntchito.

Poyamba sindinamve bwino. Mawu ankalowa m'khutu koma mutu unkakana. Ndinayang'ana amalume. Anali atakhala pa chitsa kumapeto, chipewa chili pabondo, akuyang'ana chithunzi chawo chomwe.

Ndinaimirira. Ndinati, "Alamu, si zimene munandiuza. Munati zithunzizi n'zopempha thandizo lokonzera."

"Alamu, khalani pansi," anatero akumwetulira. "Inu si membala."

"Sindine membala, koma zithunzizo n'zanga. Nyumba ili apo, tiyeni tonse tikaone mng'aluwo ndi maso. Chala changa chokha n'chimene chimalowa."

Depoti inali pomwepo, kumbuyo kwa bolodi, mtunda woti mwana n'kuponya mwala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka kuiyang'ana. Onse maso anali pa mapepala anga.

Mlamu anatembenukira kwa anthu. "Abale, anajambula zithunzizi ndi mayi omwewa. Kodi kamera imanama?"

"Imanama!" ndinakuwa. "Ndinainamitsa ndine. Ndinagona pansi kuti mng'aluwo uoneke waukulu. Munandiuza ndinu!"

"Mwamva nokha," anatero. "Akuti ndi abodza. Ndiye tikhulupirire ziti, zimene anajambula kapena zimene akunena lero?"

Anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe. Mayi wina amene ndinajambula ukwati wa mwana wake anandikoka chitenje, amvekere, "Khalani pansi, mukudzichotsa ulemu pamaso pa alamu anu." Ndinakhala pansi.

Amalume anakweza dzanja. Anawalola chifukwa cha imvi. Anaimirira pang'onopang'ono n'kunena kuti iwo agona m'nyumbamo zaka zambiri ndipo sanaopepo. Anati njerwa zimenezo anasenza nawo ali mnyamata, ndipo akudziwa mmene maziko ake anakumbidwira. Anati ngati akufuna malowo angonena, koma asanamizire khoma. Anathokoza, "Yewo," n'kukhala pansi. Mlamu anati mawu a akuluakulu amveka, ndipo n'chifukwa chowakonda kuti komiti ikufuna kuwapulumutsa. Anati ovomereza kugulitsa malowo akweze manja. Manja anakwera ngati mapesi m'munda.

Sabata yotsatirayo ndinasindikiza zithunzi zabwino zija, za khonde ndi nsanamira, n'kukwera njinga yamoto kupita nazo m'midzi kwa mamembala amene ndinkawadziwa. Ndinkaganiza kuti chimene chithunzi chinaononga, chithunzi chingakonze. Ena anandilandira bwino, kundipatsa mtedza ndi mbatata, n'kumati zapita zapita. Ena anati nkhani ya m'banja mwanu musatilowetsemo. Ku Kapichila ndinapeza bambo wina wokalamba, mnzawo wa amalume, akusankha fodya pansi pa chigafa. Anazigwira zithunzizo ndi nsonga za zala kuti asazidetse, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Mama," anatero, "ine ndinabwera kumsonkhano kuja kudzakana. Ndinachita kulawirira. Koma nditaona mnzanga ataima pansi pa chimng'alu chija, ndinati ndikakana ndiye kuti ndamupha ndine. Bwanji simunabwere ndi izi tsiku lija?"

Pobwerera ndinamuuza wanjinga amene anandinyamula kuti aime, ndipo ndinalira m'mbali mwa msewu, fumbi la malole likundithira. Sikunali kulira kwa chisoni. Ndinkafuna kumenya munthu, ndipo sindinkadziwa kuti ndiyambe ndi mlamu kapena ndi ine ndemwe.

Komiti inawapatsa amalume mwezi umodzi kuti achoke. Mwana wawo wamkazi anabwera ndi ngolo kuchokera ku Chikomeni kudzawatenga. Katundu yense anakwana ngolo imodzi, kabati ija ili pamwamba. Amayi amasiye aja anachoka tsiku lomwelo ndi mtolo pamutu, akuti kwa mphwawo kwinakwake kumalire. Ndinawathamangira kuti ndipepese. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Ndinakuchotserani chitenje pazenera ndi manja angawa." Anatembenuka n'kumapita. Sindinawaonenso, ndipo sindikudziwa ngati ali moyo.

Amalume okha sanandinene. Anandigwira dzanja, amvekere, "Iwe unatumika, mwana wane. Mlandu suli pa nkhwangwa." Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa a amayi aja. Ine sindine nkhwangwa. Nkhwangwa sidikira dzuwa kuti lipendeke.

Ogwetsa anabwera mwezi wa Julayi, amuna asanu ndi atatu ndi mapiki ndi nyundo zikuluzikulu. Ndinkapita tsiku lililonse masana ndi kamera. Malata ndi mitanda anachotsa masiku awiri. Atafika pakhoma, zinthu zinavuta. Nyundo inkadumpha ngati yamenya mwala. Nyumba imene amati igwa mawa inawatengera masabata asanu, ndipo mapiki awiri anathyoka mipini ine ndikuona. Ngodya ya kum'mawa, ya mng'alu uja, ndiyo inagwa pomalizira penipeni, atachita kuikoka ndi thirakitala.

Kapitawo wawo, mwamuna wamfupi wa ku Chipata, anandizolowera. Tsiku lina anabwera pamene ndinaima, akupukuta thukuta, atanyamula njerwa imodzi. Anaigogoda ndi chitsulo ndipo inalira ngati belu.

"Mayi, wamene anakamba kuti nyumba iyi izagwa ni ndani? Iyi ni yolimba, ikanatiika m'manda tonse, na ana athu, iyo ili chiimire."

"Ndine," ndinamuyankha.

Anaseka, akuyesa ndikucheza.

Njerwazo zinkatuluka zathunthu, ndipo anazisanja bwinobwino m'milu. Zina zinapita ndi lole. Zina ndinazipeza patapita miyezi iwiri, zitamangidwa mpanda kuzungulira nyumba ya mlamu. Sindikanalephera kuzizindikira. Njerwa za masiku ano n'zazing'ono ndi zotuwa, izo zinali zazikulu, zofiira ngati chiwindi, zina zili ndi zidindo za zala za amene anaziumba. Ndinaima pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo n'kuujambula mpandawo kuyambira kungodya mpaka kungodya. Mkazi wake anatuluka n'kundifunsa chimene ndikuchita. Ndinati ndikujambula nyumba zakale monga mwa masiku onse.

Nkhaniyo inafika kwa akuluakulu a banja la mwamuna wanga. Anatiitana, anatikhazika pamphasa, n'kunena kuti mkamwana, kutanthauza ine, wanyoza mlamu wake pagulu, ndipo tsopano akumuzonda ndi kamera ngati wakuba. Anati ndipepese ndi nkhuku. Mwamuna wanga ananditsina kuti ndivomere. Iye si munthu woipa, koma amaopa mkulu wake kuyambira ali mwana. Ndinati nkhuku ndili nayo, koma ikapita ku Chikomeni kwa amalume. Ndinati amene anandigwiritsa fuwa lamoto ndi mlamuyu, ndipo ngati pali wopepesa ayambe iye, akayambire kwa nkhalamba ziwiri zija. Mlamu anangoti, "Mwaona?" Akuluakulu anati mkazi uyu ndi wouma mutu. Kunyumba tinatha sabata osalankhulana ndi mwamuna wanga, mbale zokha zikulira.

Nyumba yogona alendo ija mpaka lero kulibe. Anathira simenti pamaziko a mbali imodzi, anazunguliza mpanda wa malata, basi. Malatawo ena anabedwa, ndipo mkatimo mwamera nsenjere zotalika kuposa munthu. Ana athu amene amati adzapeza ntchito amadutsa pomwepo ndi mawilibala popita kumsika. Amalume anakhala ku Chikomeni zaka ziwiri. Ndinkapita kukawaona, ndipo nthawi zonse ndinkawapeza atakhala okha kuseri kwa nyumba, munthu amene anazolowera kupatsa moni aliyense wodutsa pamsewu. Anamwalira nthawi ya dzinja. Mlamu anabwera kumaliro ndipo analankhulapo m'malo mwa kopaletivu. Anati malemuwa anali mzati wa bungwe lawo. Ine ndinanyamuka pakati pa mawu ake n'kupita kumene azimayi ankaphika.

Chaka chatha mwana wamkazi wa mlamu anabwera ku kachipinda kanga. Ndi mtsikana amene ndinamubereka kumsana ali khanda, ndipo sanandilakwirepo. Anakhala pampando, akupotokola chala, n'kunena kuti akukwatiwa ndipo akufuna ndikajambule ndine.

"Amama aang'ono, ndikudziwa za inu ndi adada. Koma ine sindifuna wina."

Ndinamuuza kuti ndiganize. Ndinaganiza masiku atatu, ndipo ndinapita. Phwando linali pabwalo la nyumba yawo, mkati mwa mpanda uja, umene anaupaka laimu woyera. Ndinajambula mkwatibwi, mkwati, operekeza, amayi ovina, ana olimbirana keke. Itafika nthawi ya chithunzi cha banja, mlamu anaima pakati atavala suti yatsopano, n'kundiitana mokweza kuti anthu onse amve.

"Alamu, munijambule bwino! Zakale zinapita."

Anatambasula dzanja. Anthu anaomba m'manja, ena kululutira. Ine manja anga onse awiri anali pa kamera, ndipo sindinawachotsepo. Ndinati, "Imani mowongoka, alamu, mukutchinga mwana." Dzanjalo linakhala m'malere kanthawi, kenaka analibweza n'kukonza nalo tayi. Nthungululu zinazima. Mkwatibwi anayang'ana pansi, ndipo iye yekhayo ndiye ndinamumvera chisoni.

Zithunzi za ukwatiwo ndinazipereka patapita sabata. Bambo ake alimo monga mmene bambo wa mkwatibwi ayenera kukhalira, ndipo anatuluka bwino m'zonse. Mtsikanayo anabwera yekha kudzazitenga, anazionera pomwepo, n'kundithokoza. Mwamuna wanga akuti ndinachititsa manyazi banja lonse ndipo tsiku lina ndidzafuna anthu. Mwina akunena zoona. Mlamu akadali wapampando, anamusankhanso. Tikakumana pamsika iye amaoloka msewu, ndipo ine ndimapitiriza ulendo wanga.